Pakati pa Sikelo ndi Sitandade 1: Ndani Akuyang'ana Thanzi la Mwana wa ku Mkombaphala?

Nkhani ya lero ikukhudza ana a zaka zitatu mpaka zisanu, amene m'mawa uliwonse amasonkhana m'sukulu za mkombaphala, ndipo yakhazikika pa funso limodzi: kodi mwana akamaliza akatemera ake n'kuleka kupita kusikelo, ndani amapitiriza kuyang'ana thupi lake kufikira tsiku limene adzalembetse Sitandade 1?

Poyamba ndi bwino kudziwa malo amene akukambidwa. Sukulu za mkombaphala ndi malo amene anthu a m'mudzi amakhazikitsa okha, nthawi zambiri m'tchalitchi, m'chisakasa kapena m'kanyumba ka njerwa zoumba okha, kuti ana amene sanafike msinkhu wa pulayimale azisewera, aziphunzira ndi kudyera limodzi phala. Boma limaziyang'anira kudzera mu unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha ana, potsata ndondomeko ya mmera mpoyamba imene inakhazikitsidwa mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa alezi, amene ambiri mwa iwo ndi amayi ongodzipereka, pamodzi ndi makomiti a makolo amene amasonkha ufa, nkhuni ndi madzi. M'matauni muli ma nazale olipira, ena okongola ena a m'galaja, koma funso la thanzi silisintha chifukwa cha mpanda kapena yunifolomu.

Vuto lagona apa. Mwana akangobadwa, chipatala chimamuona kawirikawiri, chifukwa akatemera ambiri amaperekedwa motsatizana m'miyezi yoyambirira, ndipo mayi amadziwa kuti akajomba, mlangizi wa zaumoyo adzamufunsa. Katemera wachiwiri wa chikuku amabwera mwana ali ndi miyezi 15, ndipo kumene kukuperekedwa katemera wa malungo, mlingo womaliza umafika mwana akuyandikira zaka ziwiri. Zikatero, makolo ambiri amaona ngati ntchito yatha. Kumbuyo kwa mayi kumakhala kutabwera kale mng'ono wake, ulendo wa kusikelo umasanduka wa khandalo, ndipo wamkulu uja amatsala pakhomo, kapena amatsagana ndi anzake ku mkombaphala. Sikelo imalandira mwana aliyense wosakwana zaka zisanu, komabe amene amadzaza mabenchi ake ndi makanda. Mwana wa zaka zinayi amaonekanso kuchipatala pokhapokha thupi litatentha. Kuyambira pamene wasiya sikelo kufikira pamene wayamba pulayimale pamadutsa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo m'zaka zimenezi ndi mmene maso, makutu, lilime ndi ubongo zikukhwima mofulumira.

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti ana amene anasowa kusikelo sanasowe kwenikweni, chifukwa ambiri a iwo akupezeka pamalo amodzi, pa nthawi yodziwika, atakhala pamphasa. Ngati sakupita kusikelo, sikelo iwatsate ku mkombaphala.

Maganizo amenewa si achilendo padziko. Ku United States kuli pologalamu ya boma yotchedwa Head Start, imene inayamba mu 1965 pofuna kuthandiza ana a m'mabanja osauka asanalowe sukulu, ndipo malamulo ake amafuna kuti mwana aliyense apimidwe maso, makutu ndi kakulidwe ka nzeru pasanathe masiku 45 chiyambireni kubwera, komanso kuti pasanathe masiku 90 pakhale umboni wosonyeza ngati akutsata ndondomeko yake ya akatemera ndi yoonana ndi achipatala. Chuma cha dzikolo sichingafanane ndi cha Malawi, ndipo makina amene amagwiritsa ntchito sangapezeke m'mudzi uliwonse, koma chimene chingatengedwe kumeneko sichilira ndalama zambiri, ndicho kuika tsiku lomalizira. Ntchito imene ilibe tsiku lake imadikira mawa mpaka mwana atakula.

Tsono nkhani ilowe m'gawo loyamba, la zimene mwana ayenera kubweretsa pa tsiku lolembetsa. Chinthu chake ndi chimodzi, kabuku ka kuchipatala, kamene mumalembedwa akatemera onse amene mwana analandira, kulemera kwake mwezi ndi mwezi, ndi matenda amene anadwalapo. Kodi ndi alezi angati amene amapempha kuona kabukuka polemba dzina la mwana? Kodi ndi makomiti angati amene anagwirizanapo kuti kazibwera? Chifukwa chofunira kabukuka chimamveka bwino munthu akaganizira mmene ana amakhalira pamalopo: amadyera pafupi, amagwirana manja, amakhosomolerana kumaso, ndipo madzulo aliyense amabwerera kunyumba kumene kuli khanda losafika msinkhu wa katemera. Chikuku chimafala ndi mpweya, kachilombo kake kamatha kutsala m'chipinda kwa maola awiri wodwalayo atatuluka, ndipo mwana amayamba kupatsira anzake masiku angapo zidzolo zisanaoneke, kotero kuti pamene alezi azindikira kuti m'gulu muli chikuku, amakhala atachedwa kale. Amene amakumbukira chaka cha 2010, pamene mliri wa chikuku unagwira anthu opitirira 100,000 m'dziko muno, safunika kuuzidwa zambiri. Poliyo nayo, imene ambiri ankaiyesa mbiri yakale, inapezekanso mwa mwana wina wa zaka zitatu mumzinda wa Lilongwe, monga zinalengezedwa mu February 2022, patadutsa zaka 30 chionekereni komaliza. Mwana wa zaka zitatu ndi mwana wa msinkhu wa mkombaphala.

Pano pakufunika kusamala. Kufuna kabuku si kutseka chitseko. Mwana amene kabuku kake kananyowa ndi mvula, kanadyedwa ndi chiswe kapena kanatsala kwa agogo, sayenera kubwezedwa, ndipo ngakhale amene sanabayitse katemera wina chifukwa makolo anatsata chiphunzitso cha mpingo wawo sayenera kubwezedwa, pakuti kumubweza ndi kumuchotsa pamalo okhawo pamene akanaonedwa ndi kuthandizidwa, n'kumulandanso phala limene mwina ndicho chakudya chake chodalirika pa tsiku. Choyenera ndi kumulemba, kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndi kupangana tsiku loti katemera wotsalayo aperekedwe. Pamene makolo akukana, nkhaniyo ipite kwa anyakwawa ndi atsogoleri a mpingo, ikambidwe mofatsa pakati pa akuluakulu, mwana akupitiriza kuphunzira. Palinso chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri: m'kabuku ka kuchipatala mumatha kulembedwa nkhani zachinsinsi, monga za kachilombo ka HIV kapena mankhwala otalikitsa moyo amene mwana akumwa. Mlezi amene wapatsidwa kabukuka wapatsidwa chinsinsi cha banja, ndipo akakaulula pamjigo, makolo ena onse adzaleka kubweretsa awo.

Limenelo linali gawo loyamba: kabuku kabwere, kaonedwe, ndipo mwana asabwezedwe. Gawo lachiwiri ndi la kupima.

Kupima kumene kukunenedwa pano n'kosiyana ndi kupima kwa dokotala amene akufufuza matenda a munthu wodwala. Uku ndi kuunika ana onse, ngakhale ooneka athanzi, pogwiritsa ntchito njira zachidule ndi zosapweteka, pofuna kupeza ochepa amene akufunika kukaonedwa mwakuya kuchipatala. Zili ngati mlimi amene amayendera munda wa chimanga chobiriwira bwino, akusuzumira m'nsonga mwa phesi lililonse kufunafuna ntchemberezandonda, podziwa kuti akadikira mpaka masamba atachita zibowo, theka la zokolola lidzakhala litapita. Wounika sanena kuti mwana akudwala. Amangonena kuti uyu akaonedwe.

Choyamba kuunikidwa ndi kadyedwe. Pali kalamba kakang'ono ka mitundu itatu kamene amazunguliza pakati pa mkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono, ndipo kakaloza pobiriwira ndiye kuti mwana ali bwino, pachikasu ndiye kuti wayamba kunyentchera, pofiira, pamene mkono sukukwana masentimita 11.5, ndiye kuti moyo wake uli pachiswe ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Kalambaka sikalira magetsi, sikafuna munthu wodziwa kuwerenga, ndipo mlezi aliyense atha kuphunzira kukagwiritsa ntchito m'mawa umodzi. Koma pali mtundu wina wa kunyentchera umene umanyenga maso, ndiwo wotupikana, pamene mapazi, miyendo ndi nkhope zimadzaza madzi, mwana n'kumaoneka wonenepa, anthu odutsa n'kumamuyamikira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Njira yozindikirira ndi kudinda ndi zala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa kanthawi kowerenga mpaka katatu, ndipo ngati patsala maenje, mwanayo ali m'gulu la odwalitsa, ngakhale mkono wake utaloza pobiriwira. M'madera ambiri kutupikana kotere kumatchedwa tsempho, ndipo banja limayamba kufufuza amene analakwira mwambo, masiku akupita. Mlezi sayenera kulimbana ndi chikhulupiriro cha banja kuti apambane mkangano. Akungofunika kulimbikira pa chinthu chimodzi, chakuti mwana apite kuchipatala lero, kumene kuli chiponde, chakudya chamankhwala chopangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, mafuta, shuga ndi mavitamini, chimene chachiritsa ana ambirimbiri ali kunyumba kwawo.

Kupinimbira, kumene ndi kufupika msinkhu poyerekeza ndi zaka chifukwa cha kusadya mokwanira ndi kudwaladwala kwa nthawi yaitali, kunapezeka mwa ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu pa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016. Kwakukulu kumayamba mwana ali m'mimba ndi m'zaka ziwiri zoyambirira, choncho mkombaphala sungakubweze konse, komabe ungaletse kuti mwana asapitirire kutsalira. Apa ndi pamene phala lothira nsinjiro, soya kapena masamba osinja limaposera phala la ufa woyera ndi mchere. Vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi, amayenera kuperekedwa miyezi 6 iliyonse mpaka mwana atakwanitsa zaka zisanu, chimodzimodzi mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira mwana atakwanitsa chaka. Ana ambiri a msinkhu uwu amaphonya zimenezi pa chifukwa chomwe chija, chakuti anasiya sikelo. Mlangizi wa zaumoyo akafika ku mkombaphala kawiri pa chaka, atha kuwapeza onse pamodzi, n'kutembenuzanso zikhatho ndi zikope zawo kuona ngati zayera, chimene ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi.

Tsopano nkhani ifike pa gawo limene lanyalanyazidwa koposa, la maso ndi makutu. Mwana wonyentchera amaoneka. Mwana wosamva bwino saoneka, ndiponso iye mwini sadziwa kuti pali chimene akusowa, chifukwa sanamvepo dziko mwanjira ina. Amene amamudziwa amamupatsa mayina: wamwano, wamakani, wogona, wopanda nzeru. Kodi ndi ana angati amene akwapulidwa chifukwa chosayankha ataitanidwa, chonsecho mawuwo sanawafike? Chimodzi mwa zinthu zimene zimagonthetsa ana kawirikawiri ndi khutu lotuluka mafinya, limene makolo ambiri amaliona ngati chinthu wamba cha ubwana, n'kumangolipukuta ndi kansalu kapena kuthiramo madzi a masamba, pamene mkatimo kachikopa kolandira mawu kakubooka. Malungo aakulu a mu ubongo, matenda oumitsa khosi ndi chikuku nazonso zimatha kusiya mwana wosamva, ndipo mwana aliyense amene anagonekedwapo ndi matenda amenewa akuyenera kuyesedwa makutu akachira. Kusamva pa msinkhu uwu kumawononga zambiri kuposa makutu, popeza mwana amaphunzira kuyankhula pomvera ena, ndipo amene sakumva bwino amachedwa kuyankhula, wochedwa kuyankhula amavutika kuwerenga, wovutika kuwerenga amabwereza Sitandade 1 kawiri kapena katatu mpaka kuleka sukulu, aliyense akuganiza kuti vuto linali m'mutu.

Mlezi alibe makina oyezera makutu, koma ali ndi chinthu chimene dokotala alibe, ndicho nthawi yokhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku. Atha kuona mwana amene satembenuka akaitanidwa kuchokera kumbuyo, amene amayang'anitsitsa milomo ya woyankhula, amene amayamba kuchita chinthu pokhapokha ataona anzake akuchita, kapena amene amatembenuza mutu kuti khutu limodzi lokha lilandire mawu. Zimenezi n'zokwanira kutumizira mwana kuchipatala. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo dziko lino lili ndi sukulu za ana osamva monga Mary View ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, koma thandizo lonseli limapindulira mwana amene wapezeka msanga.

Za maso n'zofanana, ndipo mwina n'zofulumira koposa. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira, ndipo ngati diso limodzi likuona mwachimbuuzi kapena likuloza kumbali pamene linzake lalunjika, ubongo umazolowera kulinyalanyaza, kotero kuti mwana akapitirira zaka 7 kapena 8 osathandizidwa, disolo limavuta kulibwezeretsa ngakhale atavala magalasi. Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona: mwana amayandikiza chithunzi pamphuno, amatsinzinira poyang'ana patali, amapunthwa pa zinthu zimene anzake akuzilambalala, kapena amasowa chochita kukangoyamba mdima, chimene nthawi zambiri chimaloza kuchepa kwa vitamini A. Chizindikiro chimodzi sichiyenera kudikira ngakhale sabata, ndicho kadontho koyera pakati pa diso pamene payenera kukhala pakuda, chifukwa katha kukhala ng'ala, imene madokotala a maso amatha kuchotsa, kapena khansa ya m'diso, imene imapha ikachedwa. Ana achialubino akuyenera kukumbukiridwa mwapadera pano, popeza pafupifupi onse amaona movutikira, ndipo amafunika kukhala kutsogolo, pamthunzi, atavala chipewa ndi zovala zophimba khungu.

Maso ndi makutu ndizo zimene kalamba ka pamkono sikangathe kuyeza.

Pali kuunika kwinanso, kwa kakulidwe, kumene kumayang'ana ngati mwana akutha kuchita zimene ana amsinkhu wake amachita. Kwa nthawi yaitali zida zoyezera zimenezi zinkachokera kunja, ndipo zinkafunsa mwana wa kumudzi za zinthu zimene sanazionepo. Mu 2010 akatswiri otsogozedwa ndi Melissa Gladstone, atagwira ntchito ndi mabanja a kuno, anasindikiza chida chotchedwa MDAT, chimene chimayesa kayendedwe ka thupi, kagwiritsidwe ntchito ka zala, kayankhulidwe ndi kakhalidwe pakati pa anthu, pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa ku Malawi amazidziwa, ndipo chidachi chagwiritsidwanso ntchito m'mayiko ena. Kuyesa kotere sikufuna kusiyanitsa anzeru ndi opusa, ndipo zotsatira zake siziyenera kulengezedwa pagulu. Mwana wa zaka zitatu amene sakulumikiza mawu, amene sasewera ndi anzake, kapena amene amagwa khunyu, amafunika thandizo ndi malo pamphasa pamodzi ndi ena onse. Khunyu silipatsirana, ndipo lili ndi mankhwala.

Za tsiku ndi tsiku zingotchulidwa mwachidule, chifukwa alezi ambiri amazidziwa kale. Mwana wotentha thupi, wotsekula m'mimba, wotuluka zidzolo kapena wofiira maso abwezedwe kwa makolo kuti apite naye kuchipatala, ndipo mphere ndi chipere zichizidwe msanga zisanayende mphasa yonse. Mlezi kapena wophika phala amene wakhala akukhosomola kwa masabata awiri akayezetse chifuwa chachikulu. Pakhale chimbudzi cha bowo laling'ono loyenera ana, mpondagiya wokhala ndi sopo kapena phulusa, ndi madzi akumwa othira kolorini. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022, n'kupha anthu opitirira 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira kwa sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre mu January 2023, unasonyeza zimene zimachitika pamene ana ambiri adyera malo amodzi popanda posamba m'manja.

Gawo lomaliza ndi lovuta kuposa onse. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo amene wapempha kuti ana aunikidwe wapemphanso udindo wothandiza amene apezeka ndi vuto. Kuuza mayi kuti mwana wake samva bwino, kenako n'kumusiya wopanda njira, ndi kumuwonjezera nkhawa popanda kumupatsa kanthu. Mlezi amatumiza kwa mlangizi wa zaumoyo, amene m'madera akutali amakhala ndi kachipatala ka m'mudzi kochizirako malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Mlangizi amatumiza ku chipatala chaching'ono, chipatala chaching'ono chimatumiza ku chipatala cha boma, ndipo za maso ndi makutu nthawi zambiri zimathera ku chipatala chachikulu. Pa ulendo uliwonse wotere pamafunika ndalama ya kabaza kapena ya minibasi, pamafunika wotsala ndi ana ena pakhomo, pamafunikanso tsiku lochotsa kumunda kapena ku ganyu, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amatayikira, kalata yowatumiza itapindidwa m'kabuku.

Ntchitoyi ili pansi pa maunduna awiri, wa zaumoyo umene uli ndi alangizi ndi mankhwala, ndi wa jenda umene uli ndi alezi ndi ana, ndipo pamudzi awiriwa amakumana pokhapokha wina atawakumanitsa. Komiti ya makolo itha kutero popanda kudikira kalata ya ku likulu. Itha kupangana ndi mlangizi masiku awiri pa chaka, limodzi pasanathe miyezi iwiri sukulu itatsegulira, n'kugula kope limodzi lolembamo dzina la mwana aliyense wotumizidwa, tsiku limene anatumizidwa, ndi zimene achipatala ananena. Itha kupatula gawo la zokolola za m'munda wa sukulu, kapena kupempha banki mkhonde ya m'mudzimo, kuti pakhale kathumba ka mayendedwe. Ndipo isankhe munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, amene pakatha masabata awiri adzapite kunyumba kwa mwanayo kukafunsa ngati ulendo wa kuchipatala unachitika, ndipo ngati sunachitike, chimene chinalepheretsa.